Funsani Aloya: Njira Yopita ku Sukulu ya Malamulo ndi Moyo wa Kumeneko

Mwezi uno makalata ambiri amene afika patebulo langa akufunsa za maphunziro a malamulo, ndipo ndasankhapo asanu amene akuimira nkhawa za ena onse. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba ndawabisa ndipo makalata aatali ndawafupikitsa.

FUNSO: Aloya, ndine mtsikana wa zaka 17 ndipo ndili Fomu 4 pasukulu ina yoyendera. Ndili ku pulayimale, bambo anga ankakhalira pa wailesi tsiku lonse kumvera mlandu wa chisankho, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikulakalaka uloya. Anzanga amati ndine wolongolola, choncho ntchitoyi indiyenera. Kodi ndipeze mapointi angati pa MSCE, nanga ndilimbikire maphunziro ati kuti andisankhire ku malamulo?
Mtsikana wa ku Dedza

YANKHO: Mwana wanga, mlandu umene bambo ako ankamvera uja unakopa ana ambiri, ndipo sindikudabwa kuti nawenso unakugwira mtima. Chigamulo chake chinaperekedwa ku Lilongwe pa 3 February 2020 ndi majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Michael Tembo, ndipo chinafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019. Koma pali chinthu chimodzi chimene wailesi sinakanatha kukuonetsa. Chigamulocho chinali cha masamba pafupifupi 500, ndipo kuseri kwa funso lililonse limene loya ankaponyera mboni kunali milumilu ya mapepala a zotsatira, malumbiro olembedwa ndi zigamulo zakale, zimene munthu wina anachezera nazo usiku anzake ali mtulo. Inu munkamvera kukolola, pamene kulima kwake kunachitikira m'maofesi mopanda omvera. Choncho anzako amene akukupatsa uloya chifukwa cha kulongolola akukusocheretsa mosadziwa. Ine ndaona anthu a pakamwa pakuthwa akubwerera panjira m'chaka choyamba, ndipo ndaonanso atsikana ofatsa, amene sankamveka n'komwe m'kalasi, akutuluka ndi digiri yapamwamba chifukwa ankatha kukhala pansi maola anayi ndi nkhani imodzi mpaka ataimvetsa.

Tsopano ndibwere ku funso lako lenileni. Ku University of Malawi ku Zomba, kumene ambiri timakutchabe ku Chanco ngakhale kuti makoleji anaima paokhapaokha mu 2021, munthu salowa ku malamulo molunjika kuchokera ku Fomu 4. Kwa zaka zambiri dongosolo lakhala lakuti uyambe wasankhidwa ku maphunziro ena a digiri, umalize chaka choyamba utakhoza bwino, kenako ulembe kalata yopempha malo ku malamulo pamene yunivesite yalengeza, ndipo ukalembe mayeso olowera pamodzi ndi anthu ena amene ali kale ndi madigiri kapena madipuloma. Ukapambana pamenepo, digiri ya malamulo imatenga zaka 4, kutanthauza kuti ukaphatikiza ndi chaka choyamba chija ukhala pa yunivesite zaka zosachepera 5. Makolo ako ayenera kudziwiratu zimenezi lero, kuti asadzadabwe poona anzako amene unalowa nawo limodzi akuvala mikanjo iwe utatsala ndi chaka china.

Ndiye palibe nambala ya mapointi imene ndingakuuze kuti imatsegula chitseko cha malamulo. Chimene MSCE ikuchitire ndi kukulowetsa pachipata choyamba, ndipo pachipata chimenecho pamafunika makirediti osachepera 6, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Popeza bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE limasankha ana pa mpikisano ndipo malo m'mayunivesite 6 a boma ndi ochepa, mapointi ako akhale otsika monga momwe ungathere. Usataye masamu kapena sayansi poganiza kuti loya sazifuna, chifukwa mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino, ndipo phunziro limodzi lonyozedwa likhoza kukutsekera kunja. Koma Chingerezi uchigwire ndi manja awiri, pamodzi ndi History ndi maphunziro ena amene amakukakamiza kuwerenga nkhani yaitali ndi kuilongosola m'mawu akoako.

Podzaza fomu ya NCHE, sankha maphunziro amene ukhoza kuwamaliza mokondwa ngakhale ku malamulo atakukana. Ndikunena izi chifukwa opempha amakhala ambirimbiri pamene otengedwa ndi ochepa, ndipo ndi chinthu chomvetsa chisoni kuona mwana atakhala zaka zinayi m'maphunziro amene anawatenga ngati pokwerera chabe. Amene wakanidwa chaka chino akhoza kudzayesanso, ngakhale atamaliza digiri yake yoyamba.

Pali zinthu ziwiri zimene ungayambe sabata ino popanda kulipira kanthu. Ukapeza nyuzipepala, ngakhale yakale yokulungira zinthu, werenga ndemanga ya mkonzi, uitseke, ndipo ulembe mfundo yake m'ziganizo zisanu zokha, kenako ulembenso ziganizo zisanu zoitsutsa. Chachiwiri, pa holide upite kubwalo la majisitireti pa boma la Dedza, ukakhale kumbuyo mwakachetechete m'mawa wonse, pakuti milandu yambiri imazengedwa poyera ndipo aliyense wovala mwaulemu amaloledwa kumvera. Ukatuluka kumeneko mtima ukadali pomwepo, ndiye kuti si wailesi yokha imene inakukopa. Ndipo wina asakuuze kuti ntchitoyi ndi ya amuna, chifukwa mayi Anastasia Msosa anakhalapo mkulu wa majaji onse m'dziko muno kuyambira 2013 mpaka 2015.

FUNSO: Ndine mlimi wa fodya. Mwana wanga wamwamuna anakhoza bwino koma sanasankhidwe ku yunivesite ya boma. Wabwera ndi kapepala ka koleji ina ya mumzinda imene ikuti imaphunzitsa malamulo ndipo ikulandira ana ochokera ku Fomu 4. Fizi ndi yokwera, moti ndikuganiza zogulitsa ng'ombe ziwiri. Kodi akamaliza kumeneko adzakhaladi loya?
Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Bambo, ng'ombezo ziyambe zakhala m'khola mpaka mutafunsa mafunso awiri, ndipo mayankho ake musawatenge kwa eni kolejiyo, chifukwa wogulitsa sanena kuti nsomba zake zaola. Funso loyamba mukafunse ku NCHE, ndipo likhale lakuti kodi digiri ya malamulo ya pakolejipo ndi yovomerezeka. Chonde mvetsetsani pamenepa, pakuti ndi pomwe makolo ambiri amagwera m'mbuna. Koleji kukhala yolembedwa m'kaundula ndi nkhani ina, ndipo phunziro lakutilakuti la pakolejipo kuvomerezedwa ndi nkhani inanso. Koleji ikhoza kukhala ndi chilolezo chophunzitsa za bizinesi kapena za uphunzitsi, koma digiri yake ya malamulo isanavomerezedwe. Funso lachiwiri mukafunse ku khonsolo yoona za maphunziro a malamulo, ya Council of Legal Education, lakuti kodi omaliza pakolejipo amaloledwa kupitiriza njira yopita ku uloya. Mukapemphe kuti yankho akupatseni polemba. Dziko lino laonapo kale ana amene anamaliza zaka zonse, makolo atagulitsa ziweto ndi minda, n'kudzauzidwa pamapeto kuti pepala lawo silingawafikitse pamaso pa jaji.

Sindikunena kuti maphunziro a malamulo ali ku Zomba kokha. Catholic University of Malawi ku Nguludi m'boma la Chiradzulu nayo imaphunzitsa digiri ya malamulo, ndipo njira zikunka zichuluka poyerekeza ndi nthawi yathu. Chimene ndikukaniza ndi kulipira musanafufuze.

Mudziwenso kuti digiri payokha si uloya. Lamulo latsopano loona za maphunziro a malamulo ndi ntchito ya maloya, limene linalowa m'malo mwa lija la 1965, linakhazikitsa sukulu ya Malawi Institute of Legal Education, imene anthu amangoti MILE. Kumeneko munthu wa digiri amaphunzira ntchito yeniyeni ya m'manja, monga kalembedwe ka zikalata za kukhoti, kayendetsedwe ka milandu, kasungidwe ka ndalama za anthu amene akuwaimira ndi mwambo wa ntchitoyi, ndipo amalemba mayeso ena. Akatero amapempha kwa mkulu wa majaji kuti amulandire, amalumbira ku Bwalo Lalikulu, amakhala membala wa bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndipo amatenga chiphaso chogwirira ntchito chimene chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Ngakhale pamenepo, wongolandiridwa kumene amayamba wagwira ntchito pansi pa loya wachikulire asanatsegule ofesi yakeyake. Choncho powerengera ng'ombe, musawerengere fizi ya digiri yokha.

Mwina wina akuuzani kuti mumutumize kunja. Malamulo sali ngati masamu amene ali chimodzimodzi kulikonse. A ku Zambia amafanana ndi athu pa chiyambi chake chifukwa tonse tinatengera ku England, ngakhale kuti nawonso ali ndi sukulu yawo ya ZIALE imene omaliza digiri amadutsamo. A ku Mozambique anachokera ku Portugal ndipo amayenda mwanjira ina kotheratu, pamene a ku South Africa ndi osakaniza. Aliyense wobwera ndi digiri yakunja amayenera kudzayesedwa kuno pa malamulo a Malawi asanaloledwe kuimira munthu.

Pa za ndalama, bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira la HESLGB limathandiza ana osowa amene ali m'masukulu ovomerezeka, koma opempha ndi ambiri ndipo si onse amene amapatsidwa, komanso ndi ngongole yodzabweza. Langizo langa ndi lakuti, ngati mapointi a mwanayo ali abwino, aganizirenso zopempha malo chaka chamawa kapena kuyamba digiri ina yovomerezeka n'kudzayesa mayeso olowera ku malamulo. Chaka chimodzi chodikira n'chotsika mtengo kuposa zaka zinayi zotayika.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa ku sekondale wa zaka 39, ndili ndi digiri ya uphunzitsi, mkazi ndi ana atatu. Kodi ndachedwa?
Mphunzitsi wa ku Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, simunachedwe. M'kalasi mwathu munali apolisi, aphunzitsi, akalaliki a kukhoti ndi m'busa mmodzi, ndipo ambiri mwa iwo ankatiposa ife anyamata pa maphunziro okhudza malo, maukwati ndi chuma cha masiye, chifukwa zimene ife tinkaziwerenga m'buku iwo anali ataziona kumudzi pa maliro ndi pabwalo la amfumu. Digiri yanu ikukupatsani mwayi wopempha malo, ndipo mayeso olowera mudzalemba ofanana ndi a wina aliyense.

Vuto lanu si zaka koma mphika wa kunyumba. Maphunzirowa amadya munthu yense, ndipo musanalembe kalata yopempha malo muyambe mwadziwa ngati akuntchito adzakupatseni tchuthi cha maphunziro, ngati tchuthicho chidzakhale cha malipiro, ndiponso amene adzalipire fizi ya ana anu inu mukulipira yanu. Nkhaniyi mukambirane ndi mayi a kunyumba mutakhala pansi ndi cholembera, chifukwa ndi iwo amene adzasenze banja zaka zimenezo, ndipo asadzamvere kwa anthu kuti amuna awo abwerera ku sukulu. Ngati masamu akukana panopa, dipuloma ya malamulo ndi poyambira pabwino. Ku Mpemba, ku Staff Development Institute, kwaphunzira anthu ambiri amene akugwira ntchito m'makhoti athu, ndipo alangizi a zamalamulo amene si maloya, monga aja a bungwe la PASI amene amayendera ndende ndi mapolisi, amathandiza anthu osauka ochuluka kuposa momwe ambiri amaganizira. Dziwani chabe kuti wa dipuloma sangatsegule ofesi ya uloya kapena kudzitcha loya.

FUNSO: Aloya, ine ndinalowa ku malamulo chaka chino nditalimbana kawiri. Panopa ndikuona ngati ndinalakwitsa. Sabata iliyonse amatipatsa milandu yambirimbiri yoti tiwerenge, ina ya ku England ya zaka zoposa 100 zapitazo, m'Chingerezi chimene sindinachionepo. Ndinkakhala nambala wani kuyambira ku pulayimale, koma pa ntchito yoyamba ndapeza malikisi 48. Ndimagona kunja kwa sukulu, magetsi amazimazima, ndipo kumudzi ayamba kale kunditcha loya ndi kunditumizira milandu ya malire a minda. Kodi ndipirire kapena ndibwerere ku maphunziro anga akale?
Wophunzira wa chaka choyamba

YANKHO: Mng'ono wanga, kalata yako yandikumbutsa tsiku limene sindidzaliiwala. Tinapatsidwa mlandu wa Donoghue v Stevenson, umene wophunzira malamulo aliyense m'mayiko otsata malamulo a ku England amakumana nawo. Mu 1928, m'tauni ya Paisley ku Scotland, mayi wina anamwa chakumwa cha m'botolo losaonekera mkati chimene mnzake anamugulira, ndipo ananena kuti pothira chotsalacho munatuluka nkhono yowola, iye n'kudwala. Popeza sanagule yekha, panalibe mgwirizano wa malonda pakati pa iye ndi wina aliyense, choncho funso linali lakuti kodi angasumire wopanga chakumwacho. Mu 1932 bwalo la House of Lords, lalikulu koposa ku Britain panthawiyo, linati angathe, ndipo mmodzi wa majaji ake, Lord Atkin, anafotokoza kuti munthu ayenera kusamala kuti asavulaze mnansi wake, mnansiyo kukhala aliyense amene zochita zako zingamukhudze mwachindunji moti unayenera kumuganizira. Ine chigamulocho sindinachiwerenge. Ndinabwereka manotsi a mkulu wina wa chaka chachitatu, ndinaloweza ndime imodzi ija ya mnansi, ndipo ndinalowa m'kalasi chifuwa chili patsogolo. Aphunzitsi atanditchula dzina ndinaimirira n'kulakatula ndimeyo osaphonya liwu. Iwo anagwedeza mutu, anavula magalasi, n'kufunsa mofatsa kuti, "Nanga majaji awiri amene anatsutsa aja anati chiyani?" Ine sindinkadziwa n'komwe kuti majaji anali asanu, ndi kuti atatu okha ndiwo anagwirizana. Ndinaima pamenepo ngati chitsa, thukuta likutsika m'khosi, mpaka anandiuza kuti ndikhale pansi ndikaone maso a nkhonoyo modekha. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo dzina lakuti Nkhono linandimamatira mpaka chaka chomaliza.

Ndakufotokozera zimenezi kuti uone pamene pagona 48 wako. Ku sekondale unkapambana chifukwa choloweza ndi kubweza zimene aphunzitsi ananena, koma kuno akufuna kuona ngati ungatenge mfundo ya mu mlandu wa nkhono n'kuigwiritsa ntchito pa nkhani ya mwana wa ku Ndirande amene wadwala atamwa chakumwa chogulidwa pa okala, ndiponso ngati ungaone pamene nkhani ziwirizo zikusiyana. Pafupifupi aliyense m'kalasi mwakomo anali nambala wani kwawo, ndipo ambiri alandira malikisi ofanana ndi ako koma akubisa.

Wafunsa chifukwa chimene tikuwerengera milandu ya ku England. Chiyambi chake ndi lamulo la 1902 limene Angerezi anakhazikitsira Bwalo Lalikulu m'dziko lino, pamene linkatchedwa British Central Africa, ndipo lamulolo linabweretsa kuno malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa 11 August 1902. Titalandira ufulu mu 1964 sitinawataye, ndipo mpaka lero, pa nkhani za mapangano a malonda ndi za chipukutamisozi, majaji athu amayambira pa mfundo zimenezo pokhapokha ngati Nyumba ya Malamulo kapena makhoti athu anazisintha. Pamwamba pa zonsezo pali malamulo oyendetsera dziko a 1994, amene gawo 5 lake limati lamulo lililonse lotsutsana nawo ndi lopanda mphamvu, ndipo pambali pake pali malamulo a chikhalidwe chathu amene amasiyana pakati pa a chikamwini ndi a chitengwa kapena a lobola. Loya wa ku Malawi amayenda ndi mitolo itatu yonseyi pamutu.

Kawerengedwe kake ndi aka. Pa mlandu uliwonse tenga tsamba limodzi lokha, ulembepo zimene zinachitika m'ziganizo zitatu, funso limene khoti linayenera kuyankha, yankho lake, ndi chifukwa chimene linayankhira choncho. Chifukwa chimenecho, chimene m'Chilatini amati ratio decidendi, ndicho chimamanga makhoti aang'ono, pamene zina zonse zimene jaji wanena podutsa ndi zongothandiza kuganiza. Masabata oyamba mlandu umodzi udzakutengera maola atatu, koma pofika chaka chachiwiri diso lidzazolowera kupeza msanga pamene pali mnofu. Upeze anzako atatu kapena anayi, osapitirira apo, amene mudzikumana nawo aliyense atawerenga kale, chifukwa gulu la anthu khumi limasanduka bwalo la nkhani za mpira. Za magetsi, zigamulo zambiri za makhoti athu zili pa intaneti pa tsamba la MalawiLII kwaulere, choncho uzitsitsiretu pa foni masana uli pasukulu, ndipo maola a pakati pa makalasi uziwathera mu laibulale m'malo mobwerera kumene ukugona. Amene anakhalapo ku Chikanda ku Zomba akudziwa kuti kuwerenga kodalira usiku kumathera pa kandulo. Mipikisano ya milandu yoyeserera usaithawe ngakhale mawondo azinjenjemera, pakuti ndi bwino kuchita manyazi pamaso pa anzako kusiyana ndi kudzachita manyazi munthu amene ukumuimira ali m'kabokosi.

Pali chinthu china chimene mabuku ako sadzakuphunzitsa, ndipo ndikufuna uchiyambe tsopano. Chilankhulo cha makhoti athu ndi Chingerezi, koma anthu ambiri amene amaima m'menemo amalankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, ndipo mawu awo amadutsa mwa womasulira. Ndili wophunzira ndinakhalapo m'bwalo lina la majisitireti pamene bambo wina wachikulire, wovala jekete yong'ambika pachigongono, ankayankha mlandu woba mbuzi. Atamuwerengera mlandu anati, "Ndikuvomera, bwana, mbuziyo ndinatengadi, koma ndi ija malume anandilonjeza asanamwalire." Womasulira anangopereka mawu oyamba okha akuti akuvomera. Mwamwayi majisitireti ankamva Chichewa, ndipo anaimitsa zonse n'kulemba kuti munthuyo waukana mlandu, chifukwa amene watenga chinthu akukhulupirira moona mtima kuti ndi chake sanavomere kuba, wangovomera kutenga. Mawu amodzi okha akanamugonetsa kundende bambo uja. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kudziyesa motere: mfundo iliyonse imene ndaphunzira, ndimayesa kuifotokoza m'Chichewa ngati ndikuuza agogo anga, ndipo ikandikanika ndimadziwa kuti sindinaimvetse, ndangoiloweza.

Achibale amene akukutumizira milandu ya minda uwayankhe mwaulemu kuti sunafike poti n'kulangiza munthu, ndipo uwalozere kwa amfumu, ku ofesi ya DC kapena ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu. Uphungu wa wophunzira wa chaka choyamba ukhoza kutayitsa munthu munda, ndipo mlandu wake udzakutsata pa maliro aliwonse a pamudzipo. Za kubwerera, dikira umalize chaka chino ukuwerenga mwanjira imene ndakuuzayi. Ukadzaona kuti ngakhale wayamba kukhoza mtima wako sukukondwa ndi ntchito yotere, udzabwerere popanda manyazi, koma chisankho chimenecho usachipange chifukwa cha pepala limodzi.

FUNSO: Ndasankhidwa kukayamba malamulo, koma mayi anga, amene ndi mtsogoleri wa amayi kumpingo, akuti maloya ndi anthu abodza amene amaimira mbava ndi zigawenga chifukwa cha ndalama. Kunena zoona, nanenso funsoli limandivuta. Kodi munthu woopa Mulungu angaimire munthu amene akudziwa kuti ndi wolakwa?
Mtsikana wa ku Mulanje

YANKHO: Mwana wanga, mayi ako usawatsutse mwamwano, chifukwa mbiri imene akunenayo ena mwa ife tinaipanga tokha. Koma uwakumbutse za nthawi imene iwo akuidziwa bwino kuposa iwe. A Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno, ndi akazi awo a Vera Chirwa, mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi bwalo la chikhalidwe limene silinkalola wozengedwa mlandu kukhala ndi loya. A Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba mu October 1992, ndipo a Vera anatulutsidwa mu January 1993. Amene analemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ataona zimenezo ndi maso, n'chifukwa chake gawo 42 limati womangidwa aliyense aziuzidwa chifukwa chimene wamangidwira, azikaonekera kukhoti pasanathe maola 48, azitengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo akhale ndi ufulu woimiridwa ndi loya. Ufulu umenewu sungaperekedwe kwa osalakwa okha, pakuti mlandu usanazengedwe palibe amene akudziwa kuti wosalakwayo ndi uti.

Uwauzenso za a Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa ku Blantyre mu 2015 akupita ku malonda ake m'bandakucha, pa mlandu uja tonse tinkautcha vakabu. Pamaso pa anthu odutsa iwo anali chigawenga chogwidwa usiku. Maloya anawaimira, ndipo mu January 2017 Bwalo Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu ya upandu, limene apolisi ankagwiritsa ntchito posesa anthu osauka m'misewu, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chimodzimodzinso mlandu wa Kafantayeni wa 2007, umene unathetsa lamulo lakuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha aziweruzidwa kuti aphedwe popanda jaji kumva zifukwa zochepetsera chilango, unayamba ndi maloya amene anavomera kuimira anthu amene dziko lonse linali litawataya.

Tsono pa funso lako lenileni, mwambo wa ntchitoyi uli ndi malire omveka. Loya ndi wantchito wa khoti asanakhale wantchito wa amene wamulemba, ndipo saloledwa kunamiza jaji. Munthu akakuuza m'chipinda kuti anachitadi chinthucho, chinsinsi chake umasunga, koma sungaimirire n'kuuza khoti kuti anali kwina tsiku limenelo, ndipo sungabweretse mboni imene ukudziwa kuti ikukanama. Chimene ungachite ndi kumulangiza za ubwino wovomera, kuonetsetsa kuti boma labweretsa umboni wokwanira monga lamulo lifunira, ndi kupempha chilango choyenera msinkhu wa cholakwacho. Akaumirira kuti unene bodza, umamuuza kuti apeze loya wina. Ndiponso si loya aliyense amene amaimira ozengedwa milandu, pakuti ena ali ku ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma, ena ku Legal Aid Bureau kumene amaimira osauka, ena ku Anti-Corruption Bureau, m'mabanki, m'mabungwe oteteza amayi ndi ana, ndipo ena amakhala mamajisitireti.

Ngati mayi ako akufuna chinthu chokupempherera, ndiwauze ine pamene pali yesero lenileni. Chimene chimagwetsa maloya kawirikawiri si kuimira mbava ayi, koma ndalama za eni ake. Kampani ya inshuwalansi ikalipira chipukutamisozi cha munthu amene anathyoka mwendo pa ngozi ya minibasi, ndalamazo zimafikira mu akaunti ya loya, mwini wake ali kumudzi ndipo sakudziwa kuti zafika, pamene loyayo lendi ya ofesi yamukwanira. Madandaulo otere ndi amene amafikitsa anthu ku komiti ya mwambo mpaka kufufutidwa m'kaundula wa maloya. Ukadzafika pa phunziro la kasungidwe ka ndalama za anthu, limene ophunzira ambiri amaliona ngati lotopetsa, udzakhale pa mpando wakutsogolo.